Bwato Silinagubuduke

"Ndiye undiuze, Mariya, amuna akowa akudwala pati? Mutu? M'mimba? Mwendo? Tchula malo ake, ndikagule mankhwala."

A Simioni anali ataima pakhomo, thalauza lili lonyowa mpaka m'mawondo, mamba a usipa ali mbee m'mikono. Mariya, mlongo wawo wamng'ono, anapitiriza kupeta mpunga osadzutsa mutu. Kumsana kwake kamwana kake, Wadi, kanali m'tulo.

"Akuti thupi lonse likuwalemera, achimwene."

"Kulemera! Ukonde wa chilimila nawo umalemera, koma anthu akukoka. Lero boti langa lapita lopelewera munthu. Dzulo chimodzimodzi. Alovi, anyamata okoka ukonde aja, akundifunsa kuti, kodi mlamu wanu uja anakwezedwa, ndi bwana tsopano?"

"Chibwerere mlongo wawo Ana kuchokera ku Chiponde ndi uthenga uja, bambo a Wadi sanaonepo tulo. Munamva nokha. Amayi awo ndi mng'ono wawo, onse anawapha ku Mozambiki konko."

"Ndani sanafedwepo? Ife bambo athu tinawaika lero, m'mawa mwake tinali panyanja. Mwamuna salira ngati mwana wamasiye. Munthu ameneyu ndinamutola pamsika wa Malindi alibe ndi nsapato yomwe. Ndinamupatsa malo m'boti. Ndinamupatsa iwe. Anzake amene anathawa nawo nkhondo ali pamzere wa ufa wachikasu uko, iye akudya chambo. Malipiro ake ndi amenewa?"

A Simioni anazungulira kuseri kwa nyumba, iye n'kuwatsatira lichero lili m'manja.

Avelino, mwamuna wa Mariya, anali pamalo pake pa masiku onse, atakhala pansi, msana atatsamira khoma, maso ali pa fumbi. Ndevu zinali zitamera mosasamalika. Phala limene Mariya anamuikira m'mawa linali pomwepo, litauma pamwamba, ntchentche zikuchita phwando.

"Alamu, mwaswera bwanji?" anafunsa a Simioni, mawu ali okuluwika.

"Ndaswera, alamu."

"Kunyanja liti?"

"Mawa. Pepani."

"Mawa lanulo lakalamba. Mlendo ndi mame, akuluakulu anatero, koma mame ake amauma dzuwa likatuluka. Inu mwasanduka chithaphwi pakhomo panga."

Avelino anangogwedeza mutu ngati akuvomereza. Chimenecho ndiye chinawakwiyitsa kwambiri a Simioni. Akanakonda munthu woyankha, woti akangane naye. Analavula pambali n'kumapita.

Masiku otsatira panalibe chinasintha. Avelino sankasamba pokhapokha Mariya atamukokera kubafa. Wadi akamukwera pamiyendo, ankamuyang'ana ngati mwana wa eni. Pathandala, poyanika usipa, amayi anzake a Mariya ankayamba nkhani iye akangofika. Wina ankati munthuyo anamulodza anzake a kwawo. Wina ankati ndi mizimu ya anthu amene anawaona akufa panjira. Wina ankangoseka n'kunena kuti ulesi ulibe mankhwala.

Tsiku la sikelo ya ana, Mariya anauza mwamuna wake kuti amuperekeze kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, ati mwana akumulemera. Anavomera chifukwa kukana nako kunkafuna mphamvu. Mwana atamuyeza, Mariya anagogoda pachitseko cha bambo Jailosi, amene anthu onse ankangowatcha adokotala, n'kufotokoza zonse mwamuna wake ali chikhalire pabenchi.

Bambo Jailosi anamuyeza Avelino malungo, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Bambo, mumagona?"

"Ayi."

"Mukakhala chete muja mumaganiza chiyani?"

Avelino anaweramitsa mutu. Kenako anati, "Ndinawasiya. Amayi anati thamanga, ife tikupeza. Ine ndinathamanga."

"Ndikufunsani funso lolemera, ndipo musandibisire. Kodi munaganizapo zodzichotsera moyo?"

Mariya anadzidzimuka. "Adokotala, zoterozo amafunsa munthu?"

"Amafunsa, mayi. Funso silipha. Chimapha n'kusafunsa."

Avelino anayang'ana zala zake. "Tsiku lililonse," anatero motsitsa mawu.

Mariya anatembenukira mwamuna wake. Munthu ankagona naye mphasa imodzi, koma zimenezi anali asanazimvepo.

"Uwu si ulesi, mayi, ndipo si ufiti," anatero bambo Jailosi. "Ndi matenda, ngati mmene chifuwa chachikulu chilili matenda, kungoti awa amagwira ubongo. Pamaphunziro anatiuzapo za makina amene amamata mawaya pamutu pa munthu, n'kumalemba papepala mizere yokwera ndi kutsika ngati mafunde. Akuti ubongo ukamavutika, mafundewo nthawi zina amayenda mosiyana, ndipo alipo madokotala akufufuza ngati mizereyo ingaulule munthu amene ali pafupi kudzivulaza. Kaya zidzatheka, sindikudziwa. Ine pano makinawo ndilibe. Ndili ndi makutu okha, ndipo zimene ndamvazi zandikwanira. Bambowa apite kuchipatala chachikulu ku Zomba, osachedwa. Kumeneko kuli mankhwala ake ndi anthu odziwa."

"Ku Zomba? Kwa amisala?"

"Kwa odwala. Kauzeni akuluakulu akwanu, mubwere, ndikuthandizani za ulendo. Pakadali pano musawasiye okha. Ndipo mumve ichi: tsiku lina akadzangodzuka ali osangalala popanda chifukwa, musadzavine msanga. Nthawi zina munthu amapepukidwa mtima chifukwa wamaliza kuganiza chochita."

Madzulo a tsikulo dzuwa likadalipo, Mariya anapita kwa achimwene ake. Anawapeza pakhonde akuyesa nsapato zatsopano. Kunyumbako kunali piringupiringu chifukwa chinkhoswe cha mwana wawo woyamba, Edith, chinali chitayandikira. Mwamuna wake anali Jeffrey, kalaliki wa pahotela ina ku Nkopola, mwana wa banja lodziwika.

Mariya anagwada n'kufotokoza zimene anamva. A Simioni anamvetsera mpaka pa mawu akuti mafunde, n'kuphulika kuseka.

"Mafunde m'mutu! Ine ndakulira pamafunde, mlongo wanga. Mafunde ali uko, kumene amuna ako akukana kupita. Kapena mwera wawalowa m'khutu?"

"Achimwene, anena okha pamaso panga kuti amaganiza zodzipha."

Kuseka kunatha. A Simioni anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina wamva.

"Tsitsa mawu. Wonena sachita, amangofuna anthu amunyengerere. Ndipo tamvera. Ukudziwa anthu akubwera pakhomo pano? Akwawo kwa Jeffrey akangomva kuti mlamu wa a Simioni ali ku Zomba, adzati banja lija lili ndi misala. Sadzafunsa kuti ndi wobwera kapena ndi wamagazi. Ukufuna mwana wanga akalambire pakhomo chifukwa cha munthu wa ku Mozambiki?"

"Ukabisa matenda, maliro amadzaulula, achimwene."

"Usandiphere mwambi, ndinayamba kumva miyambi iwe usanabadwe. Sindikukana. Ndikuti chinkhoswe chidutse. Chikadutsa, mutengere ku Zomba, ku Blantyre, kaya kumwezi, ndidzakukwezani ndine. Koma panopa, pakamwa potseka. Nyumba ukugonamoyo ili pamalo a yani?"

Mariya anadziwa yankho lake. Nyumba, munda, ngakhale thandala limene ankayanikapo usipa, zonse zinali m'manja mwa achimwene ake. Anadziuza kuti masiku otsalawo si ambiri. Munthu amene wapirira mwezi wathunthu angalephere kupirira pang'ono pokha?

Anayesetsa kumulondera. Popita kumadzi ankapita mothamanga. Popita kuthandala ankapempha mayi woyandikana naye kuti azisuzumira kuseri. Koma ntchito ya chinkhoswe inamugwera iyenso: kusinja, kupeta, kufulula thobwa. Akazi a achimwene ake ankamuitana kosalekeza, ndipo akachedwa ankamva mawu. Tsiku lina anabwerako atatopa, mwana akulira ndi njala, n'kupeza mbuzi zitalowa m'nyumba ndi kudya chimera chonse chimene anayanika. Avelino anali pomwepo kuseri, mbuzizo zinadutsa pamapazi pake.

"Ngakhale mbuzi, bambo a Wadi? Ngakhale kungoti psi?" Mariya anakalipa, misozi ikutsika. "Ndikusenzereni zingati? Mwana ndisenze, inu ndisenze, manyazi ndisenze? Mwandilemera ine! Mwandilemera!"

Avelino anamuyang'ana nthawi yaitali. Aka kanali koyamba m'masabata ambiri kumuyang'ana m'maso.

"Wanena zoona," anatero. "Pepa."

M'mawa mwake Mariya anadzutsidwa ndi phokoso la tsache. Avelino anali akusesa bwalo. Anali atameta ndevu, atasamba. Anadya phala lonse n'kupempha lina. Kenako anapita kugombe, anakhala pansi ndi alovi n'kuyamba kusoka chilimila pamene chinang'ambika, manja akuyenda mwaluso ngati kale. Masana anamunyamula Wadi paphewa n'kuzungulira naye mudzi wonse, akulonjera aliyense. Anakafika kwa a Simioni atanyamula jekete lake lachikopa, chinthu chokhacho chimene anawoloka nacho malire.

"Alamu, mudzavale pachinkhoswe. Ine silindikhalanso. Munandisunga bwino, Mulungu akudalitseni."

A Simioni analivala pomwepo, n'kutembenuka uku ndi uku. Atamuona Mariya anamukodola.

"Waona? Mafunde aja aphwa okha. Ndinakuuza ine, munthu amafuna mawu olimba, osati kumusisita. Ukanamutengera ku Zomba bwenzi pano atamumanga unyolo."

Mawu a bambo Jailosi anamubwerera Mariya, koma anawakankhira kumbali. Anali atatopa ndi mantha. Ankafuna kuti zikhale zoona kuti mwamuna wake wachira, ndipo aliyense womuzungulira ankanena zomwezo. Masiku awiri amenewo m'nyumba munamveka kuseka.

Tsiku la chinkhoswe, Mariya analawirira kwa achimwene ake kukathandiza kuphika. Avelino anati abwera pambuyo, akufuna ayambe wachapa malaya. Dzuwa litakwera pang'ono, alendo oyamba atayamba kufika, mtsikana wina anabwera kudzamunong'oneza Mariya kuti akufunidwa kugombe msanga.

Anapeza anthu ochepa atazungulira boti la a Mustapha, msodzi wa mudzi woyandikana nawo. Avelino anali atagonekedwa pamchenga chammbali, akutsokomola madzi, maso ali otseka. Bwato laling'ono la a Simioni linali litamangidwa kumbuyo kwa botilo. A Simioni anali atafika kale, jekete lachikopa lili pathupi.

"Tinamuona patali ali m'madzi ife tikubwerera," a Mustapha ankafotokoza. "Tinafika nthawi yake, Alhamdulillah. Koma pomukweza ankalimbana nafe, ankati musiyeni."

"Bwato linagubuduka," anatero a Simioni.

A Mustapha anawayang'ana. "Che Simioni, nyanja ili bata ngati mafuta. Bwato tinalipeza lili chiimire, nkhafi ili m'kati."

"Ndati bwato linagubuduka. Munthu wadwala nthawi yaitali, manja alibe mphamvu. Kodi mukufuna nkhaniyi ifike kupolisi? Simukudziwa kuti woyesa zoterezi amamutsekera? Ndipo uyu ndi wothawa nkhondo, adzangomukweza lole n'kukamutaya kumalire. Mukumuthandiza kapena mukumupha?"

A Mustapha anapukusa mutu n'kuyamba kumasula chingwe.

Anamunyamula Avelino kudzera njira ya kuseri, n'kukamugoneka m'kanyumba kosungiramo maukonde, kumbuyo kwa nyumba ya a Simioni. Mariya anamuvula zonyowa n'kumufunditsa chitenje. A Simioni anaima pakhomo.

"Agone muno mpaka alendo apite. Ndikhoma chitseko kuti asatulukenso. Iwe bwerera kumoto, anthu asayambe kufunsa."

"Mukhoma?"

"Nanga ukufuna abwerere kunyanja? Ndikumuteteza."

"Muli zingwe muno, achimwene. Mwadzaza zingwe."

A Simioni anayang'ana maukonde ndi mitolo ya zingwe yolendewera kudenga. Kubwalo kunamveka nthungululu, akuchimuna anali akulowa.

"Ndiye khala naye momwemo," anatero mofulumira. "Madzulo tikambirana." Anakoka chitseko, koma loko anangomukoloweka osakhoma.

M'kanyumbamo munkanunkha nsomba ndi parafini. Kunja anthu ankaimba. Mariya anakhala pansi pafupi ndi mwamuna wake, Wadi akuyamwa.

"Bwenzi pano utapumula," anatero Avelino osatsekula maso.

"Ndani anakuuzani kuti ndikufuna kupumula kotero?"

"Unanena wekha. Ndakulemera."

"Ndinanena. Ndinali nditatopa, ndipo mawa ndikhoza kudzatopanso. Mwana uyu amandilemera tsiku lililonse, munaona nditamutaya m'nyanja?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Adokotala anandiuza zoti ndichite, ine ndinamvera achimwene. Dzukani."

"Tipite kuti?"

"Kumene tinayenera kupita kale."

"Sindingathe, Mariya."

"Simukuyenera kutha. Ingoimani, kuyendako ndiyenda ndine."

Anabereka mwana, anakankha chitseko mpaka loko anagwa, n'kukoloweka mkono wa mwamuna wake paphewa pake. Kuchokera pakanyumbako, njira ya kuseri inkatsikira kunyanja. Njira yopita kumsewu inali imodzi yokha, yodutsa pakati pa bwalo.

Pabwalopo ankhoswe a mbali zonse anali ataima kutsogolo, wina atanyamula tambala, wina msoti. Edith ndi Jeffrey anali pamipando yokutidwa nsalu zoyera. Nyimbo inazilala pang'onopang'ono anthu ataona mayi wobereka mwana akudutsa pakati pawo, akukoka mwamuna wofunda chitenje, wopanda nsapato, mchenga uli m'tsitsi.

A Simioni anafika pamaso pawo akumwetulira mokakamiza, n'kutembenukira kwa alendo.

"Musadandaule, ndi alamu anga awa. Anachita ngozi pang'ono m'mawawu, bwato linagubuduka."

Mayi wina wachikulire wa kuchimuna, azakhali ake a Jeffrey, anafunsa mwachifundo, "Kalanga ine! Avulala, mwanangu?"

Mariya anaima. Sanakweze mawu.

"Bwato silinagubuduke, amayi. Amuna angawa akudwala matenda a maganizo. Adwala nthawi yaitali, tonse pano tikuona. Lero anafuna kudzichotsera moyo. Ndikupita nawo kuchipatala."

Pabwalo panagwa bata loti ngakhale tambala uja anamveka akukupiza mapiko. A Simioni anayandikira, mawu akutulukira m'mano.

"Ukadutsa mpanda uwo, Mariya, usadzabwererenso pamalo panga."

"Ndamva, achimwene."

Anadutsa. Palibe anawatsatira, palibenso anawaletsa. Ali pamsewu anamva nyimbo ikuyambiranso kumbuyo, poyamba mwamanyazi, kenako mwamphamvu. A Mustapha anawapeza panjira ali panjinga. Anatsika, anamukweza Avelino pakaliyala, n'kuyamba kukankha njingayo kulowera kuchipatala.

Bambo Jailosi sanawadzudzule, ndipo sanaitane apolisi. Tsiku lomwelo anawapezera malo m'galimoto yopita ku Mangochi, ndipo kuchokera kumeneko anafika ku Zomba.

Makina a mawaya aja Avelino sanawaone n'komwe. Anamupatsa mankhwala, ndipo panali namwino wina wamwamuna amene ankakhala naye pansi pa mtengo n'kumamufunsa za amayi ake: dzina lawo, zimene ankalima, nyimbo zimene ankakonda. Masabata oyamba sankayankha. Kenako anayamba kuyankha, ndipo tsiku lina analira kuyambira m'mawa mpaka masana, namwinoyo ali chikhalire pambali pake.

Avelino anatuluka m'chipatalamo mvula itayamba. Sanabwerere kumudzi kwa a Simioni. Anapita ku Chiponde kwa mlongo wake Ana, amene anawagawira chipinda ndi kamunda. Avelino anaphunzira kukonza njinga pamalire. Sanachire ngati mmene munthu amachirira malungo. Inalipo miyezi imene ankabwereranso kuseri kwa nyumba, ndipo ikafika miyezi yotero Mariya ankasiya zonse, n'kukhala naye pansi, n'kumufunsa funso lija mosazungulira. Nthawi zina yankho linkakhala ayi. Nthawi zina linkakhala inde, ndipo ankanyamuka ulendo wa kuchipatala. Nkhondo itatha, malole atayamba kubweza anthu kwawo, Avelino anawoloka kamodzi kokha kukaona pamene panali mudzi wawo, n'kubwerera kwa mkazi wake.

Ukwati wa Edith sunathe. Azakhali a Jeffrey aja akuti anangonena kuti matenda sasankha khomo, mwambo n'kupitirira. Edith yemweyo ndiye ankatumiza usipa wouma ku Chiponde, mobisa.

A Simioni sanapiteko kukaona mlamu wawo, ku Zomba kapena ku Chiponde. Anthu a m'mudzimo anamva okha zimene Mariya ananena pabwalo, ndipo a Mustapha anali moyo, ankadutsa pagombe lomwelo tsiku ndi tsiku. Komabe mlendo akafunsa kuti mlongo wanu uja anasamukiranji, a Simioni ankapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti amuna ake anachita mantha ndi nyanja, chichitikireni ngozi ija bwato linagubuduka.